Zaka Ziwiri za Kachete

"Nanga zaka ziwiri izi tilembepo chiyani?" anafunsa wotayipa, chala chili pakompyuta. "Sukulu munamaliza, kenako zii. Munapita kumwezi?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kunyumba ankamutcha Kachete, chifukwa mawu ake ankatuluka ngati akupempha njira. Tsikulo linali lomaliza kupereka siivii, pepala la mbiri ya wofunsira ntchito, kunyumba yosamalira okalamba, komwe ankafuna wothandiza anamwino. Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, ndiye anamuperekeza kukashopu kotayipira makalata.

"Lembani kuti anali manijala kugolosale kwanga," anatero mlamuyo. "Akaimba foni ndivomera."

"Golosale ija munatseka, alamu?" ananong'ona Kachete.

"Iwe, pepala lilibe maso!"

Wotayipa sanavutike n'kuganiza. Anatsegula siivii ya munthu wina, nafufuta dzina, n'kuikapo la mtsikanayo. Ankatero ndi aliyense. Makina analira, pepala linatuluka lotentha. Kachete analiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Apa akuti ndimayendetsa lole."

Mlamu anaseka mpaka kugwira khoma. "Njinga yomwe imakugwetsa!"

"Mzere umodzi wokha wanditsalira," anatero wotayipa. "Ndichotsa. Zinazo n'zabwinobwino, anthu alembedwa nazo ntchito."

Koma Kachete anali atafika kale pansi pa pepalalo. Munthu wa papepalapo ankakonda kusambira, ankatsogolera anzake, ankayankhula pagulu mosaopa. Anadziona atakhala pamaso pa olemba ntchito, akumufunsa za mlendo ameneyu.

"Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka," anatero. "Fufutani zonse, achimwene. Musiye dzina ndi sukulu."

"Ndiye patsala chiyani?"

Nkhani ya zaka ziwirizo Kachete sankaikamba kwa anthu.

"Lembani kuti zaka ziwirizo ndinkasamalira bambo anga atafa ziwalo mbali imodzi. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwamwetsa mankhwala pa nthawi yake. Ndinkawatembenuza kuti asatuluke zilonda, ndipo mpaka tsiku lomwe anatisiya sanatuluke ngakhale chimodzi. Ndinaphunzira kuwanyamula kuchoka pabedi osawapweteka phewa. Akakwiya n'kutaya mbale, ndinkadikira mtima utsike, n'kuyambiranso."

Mlamu anakanda m'mutu.

"Koma imeneyo si ntchito, mlamu. Ndi chibale."

"Okalamba akumeneko sasamba?" anafunsa Kachete.

Wotayipa anaseka chamumtima, zala zili kale pamabatani. Atamaliza anatembenuka. "Pakufunika munthu wokuchitirani umboni. Osati awa a golosale yotseka."

Analipo mmodzi: namwino wa kuchipatala chaching'ono, amene ankabwera kudzawaona bambo aja ndi kumuonetsa kagwiridwe ka wodwala. Nambala yake Kachete ankaidziwa pamtima. Vuto linali loti chibadwire anali asanaimbirepo munthu wamkulu foni kuti apemphe kanthu. Ankalolera kuyenda ulendo wautali n'kukaima pakhomo mpaka wina amuone. Lero nthawi yoyenda panalibe.

"Alamu, ndibwerekeni foni."

"Ndiimbe ine?"

"Ayi."

Kachete anadina manambala. Makina anayambanso kulira, akulavula pepala latsopano, lalifupi, lopanda lole. Kuti amveke, anayenera kukweza mawu kuposa phokosolo.

"Halo, amayi? Ndine mwana wa bambo aja munkadzawaona. Ndikufunsira ntchito, ndipo ndikufuna ndilembe dzina lanu."

Mlamu ndi wotayipa anayang'anana. Mawuwo anamveka mpaka panja.