Jezi ya Tayamika

Nora anamva nkhaniyo ali pantchito kuchipatala ku Nedlands, mumzinda wa Perth, ndipo tiyi anamuwawira m'kamwa. Tayamika, mwana wa mnzake Lusubilo, anali atasankhidwa kulowa timu ya amayi ya dziko la Australia ya masewero a hoke ya pa ayezi. Mphunzitsi wa timuyo anakonza zoti asananyamuke kukapikisana kunja, wosewera watsopano aliyense avekedwe jezi ndi kholo lake. Kholo limodzi basi.

Kholo lake liti? Lusubilo ankaopa kuzizira kuposa njoka, ndipo kubwalo la ayezi anali asanapondeko. Ndi Nora amene ankanyamula Tayamika pamodzi ndi mwana wake wobereka yekha, Tupochile, kuchokera ku Maddington, kuwamangira zingwe za nsapato, n'kukhala pabenchi atafunda zitenje ziwiri, mano akugundana. Mbiri ya timu ya dzikoyo ankaidziwa pamtima: chaka chimene inakwera gulu, chaka chimene inatsitsidwanso, ndi mayiko amene ankaikwapula mopanda chisoni. Azungu akubwaloko ankamutchula kuti mayi wa Tayamika, iye osawatsutsa. Akanatsutsa chiyani? Kwathu munthu amene amakudyetsa ndi kukuperekeza umamuitana kuti amayi.

Choncho anadikira foni. Ankati Lusubilo, monga munthu woleredwa bwino, amuuza kuti, "Asisi, kavekeni ndinu." Foniyo sinabwere.

Loweruka Lusubilo anatulukira kubwaloko atavala jekete lofika m'maondo, akunjenjemera. Jeziyo anaigwira chadodolido, n'kumuveka mwanayo kumbuyo kutsogolo. Anthu anaseka mokondwa, iye akululutira. Nora anaomba m'manja ndithu, koma nsanje inkamutentha pachifuwa, ndipo sanachite nayo manyazi.

Kenako Tayamika anabwera kwa Nora, n'kupinda bondo pang'ono.

"Zikomo kwambiri, anti."

Anti. Zaka zonse zija za kuzizidwa, lero anti.

M'galimoto, Nora anayamba kutokota asanalize n'komwe injini. Tupochile anali pambali pake, akuyang'ana panja.

"Waona zimene achita amake a Tayamika? Munthu osadziwa n'komwe kuti golo ili mbali iti. Mwana uja ndamuumba ndine. Masewero ake onse ndaonera, sindinaphonyepo."

Tupochile anayankha m'Chingerezi chake cha ku Perth, motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, amayi. Nane ndimakhala pa ayezi pomwepo."

"Nanga ndakana? Ine ndikunena za jezi."

"Kokayesedwa kuti tilowe timu ija tinapita tonse awiri. Ine sananditenge. Sabata yonseyi ndimadikira kuti mwina mundifunsa."

Panja, Lusubilo ankadutsa atakolowekana mikono ndi mwana wake, akuseka. Tupochile anamanga lamba wa pampando.

"Tiyeni tizipita, amayi. Kapena mukufuna mukamutsanzike kaye mwana wanuyo?"