Zipolopolo Zopepuka za Anselmo

"Mwasintha chiyani pamenepo?" anafunsa Ofelia ataima pakhomo pa shedi, chikho cha tiyi wakumeneko wotchedwa mate chili m'manja.

Anselmo Larralde sanatembenuke. Ankayeza wonga pakasikelo kake n'kumauthira m'makoko amkuwa amene anawandandalika pathabwa. Kwa zaka makumi atatu ankadzipangira yekha zipolopolo za mfuti yake yosakira nguluwe, ndipo mkazi wakeyo ankazidziwa bwino: mitu yake inali yonenepa, yobuntha, yolemera. Koma tsikulo pathabwapo panali timitu tosongoka topepuka, tija amaphera agwape.

"Ndi zomwe zija," anayankha Anselmo.

"Zomwe zija zinaonda liti? Ndi phewa lija, eti?"

Linalidi phewa. Chigwereni pahatchi mwezi wa Meyi, mfutiyo ikalira inkamukankha mpaka misozi kulengeza, mkono n'kuchita dzanzi tsiku lonse. Mutu wa chipolopolo ukapepuka, wonga n'kuchepako, mfuti imakankha mwaulemu. Zimenezo mlenje aliyense amadziwa. Chimene mkuluyu sankafuna n'choti anthu amve kuti wafooka, makamaka mlamu wake Ceferino, mchimwene wa Ofelia, munthu woti pakamwa pake panalibe chitseko.

"Muwauze achimwene," anatero Ofelia. "Galu wolowa m'thengomo ndi wawo. Obisa matenda, maliro tidzamva."

"Kuti mawa tauni yonse ya Victorica imve zoti Larralde watha ntchito? Ayi, mayi. Ndaziyesa dzulo. Chitini ndachiboola pakati penipeni."

"Chitinicho chili ndi mano?"

Kayesedwe koyenera Anselmo ankakadziwa, ndipo ndi iye amene ankaphunzitsa anzake: umamanga mtolo wa nyuzipepala zonyowa ndi waya, kuuwombera, kenako kufukula chipolopolocho kuti uone ngati chalowa mozama chili chathunthu. Nyuzipepala zinalipo mulu pakona. Sanazinyowetse chifukwa yankho lake ankaliopa.

M'mawa mwake Ceferino anafika pahatchi, akuseka asanatsike n'komwe. Pambali pake pankathamanga Chiruza, galu wake wamkazi woyera, wa zipsera thupi lonse. Chimwalirireni mkazi wake, Ceferino ankadya ndi galuyo, kucheza naye, ngakhale kukangana naye.

"Alamu! Nguluwe ija yadyanso ana ankhosa awiri. Mwanyamula bingu lanu lija, kapena ukalamba wakulandani?"

"Lomwe lija," anatero Anselmo, akumenya chikwama cha zipolopolo.

"Basi, yafa kale imeneyo. Wamva, Chiruza? Lero uluma khutu."

Amenewo ndiwo anali makonzedwe awo. Chiruza anali atakalamba, sankalimbananso ndi nguluwe. Ankangolondola fungo ali pachingwe. Anselmo akawombera n'kunena kuti yatha, m'pamene Ceferino ankamumasula kuti akagwedeze khutu la nyama yakufayo. Amenewo anali malipiro ake, ndipo ankawakonda kuposa fupa.

Analowa m'nkhalango ya mitengo ya kalideni dzuwa litakwera pang'ono. Hatchi anazimangirira poyera, iwo n'kuyenda wapansi, galu akukoka chingwe. Nguluweyo anaipeza padziwe, ikugubuduka m'matope. Inali yamphongo, yokalamba, mano ake otuluka ngati zikwakwa. Ceferino anagwada n'kugwira Chiruza pakamwa.

Anselmo analoza paphewa pa nguluweyo, pomwe ankaloza masiku onse. Zipolopolo zake zakale zinkathyola mapewa onse awiri n'kutulukira uko. Mfuti inalira, nguluwe inagwa cham'mbali, miyendo n'kuuma. Ndipo phewa lake silinapweteke ngakhale pang'ono! Mtima unamudumpha ndi chimwemwe. Akanadikira pang'ono, akanaponya mwala, akanayang'ana ngati nthiti zikupuma. Koma chimwemwe n'chopupuluma.

"Yatha! Mumasuleni!"

Chiruza anathamanga ngati kamwana. Atangogwira khutu, nguluwe inadzambatuka. Inapukusa mutu kamodzi kokha, galu n'kuuluka m'mwamba. Anselmo anathamangira pafupi, akupunthwa m'minga, n'kuiwombera kuseri kwa khutu. Apo ndiye inafadi.

Ceferino anali atagwada kale m'matope. Mimba ya galuyo inali itang'ambika kuyambira m'nthiti mpaka m'ntchafu. Anavula jekete n'kumukulunga, akubwezera matumbo ndi manja.

"Mayi wanga, iwe, usatero. Taona, khutu lako lija ilo. Chiruza! Tandiyang'ana."

Galuyo anamunyambita dzanja kawiri. Kenako anasiya.

Anselmo anaima potero, mfuti ikumulemera m'manja. Analakalaka mlamu wake atamutukwana, koma Ceferino anangodzuka, kusolola mpeni, n'kupita panguluwe paja. Anapala matope ouma a paphewa, n'kucheka chikopa chokhuthala chija chimene nguluwe zamphongo zimakhala nacho pamenepo. Bala linali lotambalala ngati chikhatho koma losazama. Fupa linali lathunthu. Anatola tizidutswa tamkuwa topyapyala ngati makoko a mtedza, n'kubwera nato padzanja.

"Izi si zanu, alamu."

Bodza lina linafika pamlomo, lakuti mwina wonga unanyowa. Anselmo analimeza.

"Ndi zanga. Ndinasintha. Ndinaika zopepuka, za agwape. Phewa langali..."

"Phewalo ndikulidziwa," anamudula Ceferino, mawu ali pansipansi. "Chiyambire Meyi mumakwera hatchi ndi dzanja limodzi. Chishalo amakunyamulirani ndi Ofelia. Mumayesa ndine wakhungu?"

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Kumowa anthu anandifunsa kuti bwanji Larralde sakuoneka kumipikisano ya hatchi, ine ndinati ali ndi ntchito ya mpanda. Ine wapakamwa ine, ndinakhala chete miyezi inayi kukusungirani ulemu." Anapukuta mpeni pabuluku. "Zipolopolo zokhazi ndiye sindinadziwe. Ndakufunsani m'mawa uno. Mukanangoti, 'Alamu, lero galu asachoke pachingwe,' sindikanafunsa n'chifukwa chomwe."

Manyazi amene Anselmo anawathawa miyezi yonseyi anali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi awa. Munthu amene ankamubisira ndi yemweyo amene ankamubisa kwa anthu.

"Pepani, alamu. Ndalakwa ndine."

Ceferino anagwedeza mutu, osavomera, osakana. Anatsanulira tizidutswa tija m'dzanja la Anselmo, n'kubwerera pomwe panagona galu wake. Hatchi zinali kutali ndithu, kuseri kwa minga yonse ija. Anselmo anatsamiritsa mfuti pamtengo n'kuwerama msanga.

"Ndisiyeni ndimunyamule ndine. Chonde."

Ceferino anamuchotsa dzanja pang'onopang'ono. M'mawu ake munalibe chipongwe ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka koposa.

"Musiyeni, alamu. Ndi wolemera. Mungapweteke phewa."

Ceferino anakweza galuyo pachifuwa, jekete ikudontha magazi, n'kuyamba kuyenda. Anselmo anatola mfuti yake n'kumatsatira pambuyo.