Choko cha Aphunzitsi Mtonga

Solomon Mtonga anali ataika kale mtanda wa choko pa kabati, pa mipando inayi ndi pa chishalo cha njinga pamene anafika pa makina osokera. Chokocho anachipeza m'thumba la jekete la mng'ono wake Eston, amene anaikidwa m'manda dzana lake. Solomon sankatha kulemba ngakhale dzina lake, koma mtanda wokha ankaukhoza, ndipo chilichonse cholandira mtanda chinali choti chikwere ngolo madzulo ano, ulendo wa kumudzi kwa Mphamba.

Faides, mkazi wa malemuyo, anali pa mphasa pakona, nsalu yakuda kumutu. Za kabati ndi mipando sanatsegule pakamwa. Choko chitakhudza makinawo ndiye anadzuka.

"Alamu, amenewo ndiye ayi."

"Anagula ndani?" anafunsa Solomon osatembenuka.

"Mng'ono wanu."

"Basi. Cha Eston ni cha a Mtonga." Anamalizitsa mtandawo mofatsa, natuluka panja.

Faides, amene pa mfunda wake ankatchedwa Nyabanda, kwawo kunali ku Kasungu, tsidya la malire. Anabwera ku Lundazi ali mtsikana, kudzagulitsa zitenje, nakodwa ndi Eston, mphunzitsi wolankhulalankhula. Malowolo anaperekedwa onse, kutanthauza kuti ana ake awiri, Keziya ndi mlongo wake wamng'ono, anali a kwa Mtonga. Ndi makinawo Faides akanatha kusoka mayunifolomu kumsika, n'kukhalabe pa boma ndi ana akewo. Popanda makina, njira inali imodzi yokha: iye ku Kasungu chimanjamanja, ana kumudzi kukapalira fodya. Zimenezi Faides ankaziona bwino lomwe, ndipo zinkamuopsa kuposa maliro.

Chomukwiyitsa china chinali malemu eniakewo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu Eston anaphunzitsa Sivikisi, phunziro la malamulo ndi kayendetsedwe ka dziko. Kuyambira pamene lamulo latsopano la chuma cha masiye linatuluka mu 1989, analiimba ngati nyimbo, m'kalasi, kutchalitchi, ngakhale pamaliro a anthu ena. Aliyense ankamuuza kuti alembe wilo. Yake ndiye inali mawa, mawa, mpaka chibayo chinamutenga m'masiku asanu okha, ayi ndithu osasiya ngakhale kapepala.

Ndiye panali khoti lake lija. Lachisanu lililonse Eston ankasandutsa kalasi kukhala khoti, ndipo lamulo lake linali limodzi: usanakambe mlandu wako, yamba wakamba wa mdani wako, mpaka iyeyo avomere kuti ndi zomwezo. Khotilo ankabwera nalo ndi kunyumba komwe. Mukangane za mchere wa m'ndiwo, iye n'kuti, "Tayamba wanena mbali yanga, Nyabanda." Faides ankadana nazo zimenezi, chifukwa ukamamaliza kunena mbali ya mnzako, mkwiyo wako umakhala utazizira usanaugwiritse ntchito.

Anaitana Keziya kuchipinda. Mtsikanayo anali Giredi 9, m'kalasi ya bambo ake momwe.

"Kope lako la Sivikisi lili kuti?"

"M'chola, amama."

"Tenga. Ukawawerengere lamulo lija pamaso pa anthu onse. Achite manyazi."

Keziya anayang'ana mayi ake, natulutsa kopelo m'chola.

Panja achibale anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mabenchi obwereka kutchalitchi, amayi pa mphasa. Ngolo inali itafika, ng'ombe zikupunga michira padzuwa. Keziya anagwada patsogolo pa Solomon, kope lili pachifuwa, ndipo amayi ena anagwirana m'nthiti. Mwana wamkazi kulankhula pa nkhani ya chuma?

"Adada akulu, nipempha nikambeko."

"Kamba," anatero Solomon, mawu ali ouma.

Faides anadikira kuti kope litsegulidwe. Silinatsegulidwe.

"Niyamba na mlandu wanu, adada," anatero Keziya. "Agogo pomwalila, imwe munasiya sukulu mukalibe kudziwa kulemba, kuti adada ŵanga apitilize. Munalima fodya zaka na zaka, iwo ali pa desiki. Popita ku sekondale, tilanki yawo munainyamula pamutu kucoka kumudzi mpaka pa boma. Ng'ombe za malowolo a amama zinacoka m'khola lanu. Lelo nyumba ino ni ya malata, yanu ikali ya udzu. Mukaona katundu uyu muona thukuta lanu, ndipo muopa kuti azapita kwa anthu amene sanakhetseko. Ni zamene izo, adada?"

Mwana amene anamutuma kukamenya nkhondo ndiye anali kunolera mdani mkondo! Akanakhala pafupi akanamutsina.

Solomon anapukusa choko pakati pa zala zake zong'aluka.

"Wasiyako cimodzi," anatero. "Uthenga wa matenda a adada ŵako unanipeza ku munda. Njinga nilibe. Ninayenda na mendo, mwana wanga, kucoka m'mawa mpaka zuwa kupendeka. Pofika ku cipatala ninapeza amufunditsa kale kumaso."

Faides anakumbukira mmene mlamu wakeyo anafikira tsiku lija, fumbi mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Panthawiyo iye anali ndi chisoni chake, ndipo sanafunse n'komwe kuti munthuyu wayenda bwanji.

"Pepani, adada," anatero Keziya. "Manje m'khoti ya adada ŵanga, imwe ndiye mukamba mlandu wa amama."

Wina pabenchi anaseka, koma Solomon sanaseke. Khotilo ankalidziwa, pakuti Eston ankamuvutitsa nalo nayenso akapita kumudzi pa holide. Anakanda chibwano, natembenukira kwa Faides.

"Nyabanda afuna makina," anayamba. "Afuna... yayi, si makina. Afuna kukhala na ŵana ŵake. Afuna asoke, ŵana adye, apite ku sukulu." Anatembenukira kwa Keziya. "Afuna Keziya aphunzile, monga mwamene nenze kufunila Eston."

Anayang'ana mlamu wake ngati mwana woyembekeza kuchongeredwa. Faides anafuna kuwonjezera zambiri, za kabati, za mawu ouma a m'mawa uja, koma anapeza kuti mkwiyo wake wazizira, monga mwa masiku onse.

"Ndi zomwezo, alamu," anatero.

"Nanga lamulo yamene iyo ikamba cani?" anafunsa Solomon, akuloza kope ndi choko.

Keziya anatsegula nawerenga pang'onopang'ono, akumasulira: munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi wake ndi ana ake.

"Nanga mkulu wake?"

"Palibe, adada."

"Olo supuni?"

"Olo supuni."

Nkhope ya Solomon inalimbanso, ndipo mtima wa Faides unagwa. Lamulo linalipo, inde, koma masiku amenewo ngolo zambiri zinkachoka pa makomo a akazi amasiye zitadzaza, lamulolo lili phee m'mabuku. Panalibe wapolisi pansi pa mango paja. Solomon akanangodzuka n'kuuza anthu kuti akweze katundu, palibe akanamugwira dzanja.

"Kansi boma ilibe ŵabale," anatero, akugwira bondo kuti aimirire.

"Kuli cinangu, adada," anatero Keziya mofulumira, akutembenuza masamba mpaka kumapeto. "Iyi ni nchito yamene anatipatsa Cisanu cothela, akalibe kudwala." Anawerenga: "Mlimi wina anasiya sukulu kuti mng'ono wake aphunzire. Mng'onoyo wamwalira, wasiya mkazi ndi ana. Lamulo silikumupatsa mlimiyo kalikonse. Lamulolo likuteteza ndani, ndipo laiwala ndani? Mukanakhala a m'banjamo mukanatani?"

Faides anagwira pakamwa. Zaka zonsezi Eston sanamuuzepo kuti nkhaniyi inkamudya mumtima. Anakaipereka kwa ana makumi anayi ngati homuweki.

"Ŵelenganso," anatero Solomon.

Keziya anawerenganso.

"Iwe unayankha cani?"

"Sin'nayankhe, adada. Yenze yovuta. Nenze kufuna kuŵafunsa pa Mande."

Solomon anatambasula dzanja, ndipo mtsikanayo anamupatsa kope. Analigwira mozondotsa, akuyang'ana mizere imene sakanatha kuiwerenga, ndi malo opanda kanthu m'munsi mwake. Misozi inatsika m'makwinya a nkhope yake, ndipo iye sanaibise. Paja chibale ndi fupa, sichiwola.

Anabweza kope, naika choko pamwamba pake. Kenako analowa m'nyumba, Faides akumutsatira. Anatenga kansanza pa zenera, nakaviika m'ndowa, nayamba kufufuta. Anayambira pa makina, napukuta mpaka chitsulo chinawala. Anafufuta pa kabati, ndi pa mipando inayi, umodzi umodzi. Atafika pa njinga imene inatsamira khoma, belu lake lomangidwa ndi mphira monga Eston analisiyira, anakweza kansanzako.

Faides anamugwira dzanja, namulanda kansanzako, nakaponya m'ndowa.

"Pamenepo musiye, alamu," anatero. "Mtanda umenewo uli pamalo pake."

Anagwira njingayo pa mahandulo, naikankha yekha kudutsa pakhomo mpaka padzuwa, kumene Keziya anali atakhala pa benchi, kope lili pamwendo, akulemba.