Madonasi a ku Chichiri

Eda ya Shamsa inatha Lachisanu. Miyezi inayi ndi masiku khumi anabindikira m'nyumba mwake ku Ndirande, monga amachitira mkazi wachisilamu mwamuna akamwalira. Ngakhale kumsika sanapondeko. Mwamuna wake, Faisal, ankawotcherera zitsulo ku Makata. Anagwa ali pantchito m'mawa wina, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatisiya kale. Adokotala anati inali BP.

Loweruka dzuwa litakwera kunabwera Zuleikha, mlongo wake wa Faisal. Mtsikanayu anakulira m'nyumba momwemo asanasamukire ku Chitawira, komwe amaphunzitsa pasukulu ya mkaka. Anapeza Shamsa atakhala pakhonde, manja ali pamaondo.

"Alamu, kasambeni. Tikupita kukaonera filimu."

"Filimu?"

"Eya. Kuli holo ina cha ku Chichiri, amaonetsa Loweruka masana. Matikiti ndagula kale, ndiye musandikanire."

Shamsa anangodzuka n'kukasamba. Anavala diresi lobiriwira lomwe linali pamwamba m'sutikesi. Linali litamukulira m'chiuno, ndiye analigwira ndi pini.

Minibasi inadzera msewu wa ku Makata. Itayandikira pomwe Faisal ankagwira ntchito, Zuleikha anayamba kufufuza zinthu m'chikwama chake. Shamsa anayang'anitsitsa getilo. Anali atalipaka penti yatsopano, yabuluu, ndipo mlonda anakhala pambali akusenda nzimbe. Anadikira kuti mwina pamtima pachita kanthu. Sipanachite kanthu. Kondakitala anamuuza kuti asendere, iye n'kusendera.

Atatsika, Zuleikha anamukokera m'kashopu kena komwe makeke amawaika m'kabati yagalasi. Anagula madonasi anayi, awiri opaka chokoleti, awiri owaza shuga. Anakadyera panja, atakhala pakampanda moyang'ana magalimoto.

"Akoma?" anafunsa Zuleikha.

"Ali bwino."

"Kale mumati bola awa kusiyana ndi mandasi a pamsika."

"Ndinkatero?"

Shuga ankalira m'mano ngati mchenga. Mafuta anamata m'zala. Shamsa anamaliza onse awiri chifukwa anali m'manja mwake, kenako anapinda kapepala kaja kanayi n'kukagwira mpaka pakhomo la holo, pomwe anakataya m'bini.

M'holomo munali mipando yapulasitiki, makatani akuda m'mawindo, ndi fungo la mbuliwuli. Filimuyo inali yoseketsa. Mkulu wina anabwereka suti kuti akaonekere kwa apongozi, sutiyo n'kung'ambika kumbuyo pomwe amagwada. Anthu anaseka mpaka ena kumenya mipando. Shamsa ankaona zonse, mawu ankawamvanso bwinobwino, koma zinkangomudutsa. Maso ake anakathera pafani ya kudenga yomwe inkazungulira mopendekeka.

Filimu ili pakati, anamva mpando wa pambali pake ukugwedezeka. Anayesa kuti Zuleikha akuseka. Atacheuka anaona kuti mtsikanayo watseka pakamwa ndi mpango, misozi ikuyenderera.

"Watani, Zule?"

"Bambo ali kutsogolowo," ananong'ona Zuleikha. "Tamvani kasekedwe kawo. Ngati achimwene."

Shamsa anatchera khutu. Bamboyo ankaseka mokoka mpweya, kenako n'kutsokomola kawiri. Zinalidi choncho, Faisal ankaseka chimodzimodzi. Anamvetsera mpaka bamboyo anasiya, ngati munthu womvetsera wailesi ya m'nyumba ya eni. Kenako anagwira dzanja la Zuleikha n'kuliika pamwendo pake. Linali lotentha, lonyowa ndi thukuta. Sanalisiye mpaka magetsi anayaka.

Panja dzuwa linawathobwa m'maso. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kusiteji. Atatsala pang'ono kufika, Zuleikha anaima.

"Alamu, ndili ndi nkhani. A kwawo kwa a Mukhtar afunsanso za ukwati wathu uja tinaimitsa chifukwa cha maliro. Akufuna nika, mwambo womanga ukwatiwo, ichitike mwezi wamawa pa 14. Amayi akuopa kukuuzani. Ine ndinawauza kuti ngati inu simunakonzeke, tidikira."

"Ndiye madonasi aja anali a nkhani imeneyi?"

"Ayi. Mwina pang'ono." Zuleikha anayang'ana pansi. "Ndimafunanso mutuluke basi."

Minibasi ina inaima, kondakitala n'kuitanira a ku Limbe, kenako inapita. Shamsa anaiperekeza ndi maso.

"Kwatiwa, Zule. Udikira chiyani?"

"Mudzabwera?"

"Ndidzabwera. Mpunga akuphika ndani?"

"Sitinakambirane. Mwina azakhali a ku Bangwe."

"Amene aja amachulutsa madzi. Ndidzaphika ine."

Zuleikha anaseka, maso akadali ofiira, n'kumukumbatira pamsewu pomwepo. Shamsa anaima chilili, manja ali m'mbali, mpaka anakumbukira kuti ayenera kumusisita pamsana. Anamusisita. Anatsanzikana, Zuleikha n'kuuyamba wapansi wa ku Chitawira.

Atafika kunyumba anapeza a Mirriam, oyandikana nawo nyumba, akuanula zovala pachingwe.

"Mwaswera, mayi? Ndamva munapita kokaonera kanema. Inali ya chiyani?"

"Ya munthu wina wa suti, wofuna kukwatira mtsikana wina."

"Ndiye zinatha bwanji? Anamukwatira?"

Shamsa anaganiza. Anakumbukira anthu akuimirira, mipando ikukhulana pasimenti, mayina akukwera pachinsalu.

"Sindinaonetsetse," anatero. "Kodi mapoto anu aakulu aja akadalipo?"

"Alipo awiri. Wachitatu uja anabooka."

"Ndidzawafuna pa 14 mwezi wamawa. Zuleikha akukwatiwa."

A Mirriam anasiya chovala m'beseni n'kululutira pang'ono, kenako anadzigwira pakamwa, osadziwa ngati zinali zoyenera. Shamsa anawagwedezera mutu n'kutsegula chitseko. Anavula nsapato, zomwe zinamutulutsa thuza kuchidendene, n'kukhala pabedi diresi lili m'thupi. Anakhala choncho mpaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya madzulo, ndipo anadzuka kukatunga madzi oti asambe asanapemphere.