Lumo la Celeste

Galimoto itangokhotera mu msewu wafumbi wolowera kumudzi, kuseri kwa Mandimba, amayi amene anakhala mozungulira bokosi anayamba kulira. Maliro salowa m'mudzi mwakachetechete, ndipo wolira aliyense amatchula ubale wake. Celeste, mkulu wake wa malemu, ndiye anayambitsa: "Mng'ono wanga ine, mayo! Benedita mng'ono wanga!" Wina anati msuweni wanga, wina mlamu wanga. Ngakhale mayi wina amene anangokwerera panjira anapeza pogwira, nati mwana wa mnzanga ine.

Idalina anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Alire kuti chiyani? Mchemwali wanga? Likanakhala bodza. Mnzanga? Mnzako ndi uja mumabwerekana naye mchere. Iye ndi Benedita anakhala nyumba imodzi ku Cuamba, kuseri kwa njanji, kuyambira ali atsikana mpaka imvi zitayamba kutuluka. Bedi limodzi, benchi limodzi la nsomba zouma za ku nyanja ya Amaramba pamsika. Anali banja, ngakhale panalibe amene anawaimbirapo nthungululu. Ndiye anangogwira ngodya ya bokosi n'kumameza misozi.

Dzulo lake kuchipatala zinali zomwezo. Bambo woyang'anira nyumba yachisoni anamufunsa kuti, "Inu ndinu ndani wawo?"

"Timakhala limodzi."

"Mayi, ndikufunsa ubale. Thupi timapereka kwa mwamuna wake, makolo kapena abale."

Idalina anakhala panja, padzuwa, mpaka Yohane, mlongo wake wa Benedita, anafika pa chapa, minibasi ya kumeneko, kuchokera ku Mandimba. Yohane yemweyo amene nthawi yonse ya matenda ankangoimba foni mwa apo ndi apo. Iyeyo sanamufunse zambiri, anangomutsegulira chitseko.

Atafika kumudzi, bokosi analilowetsa m'nyumba, anamfedwa n'kukhala pamphasa molizungulira. Idalina anavula nsapato kuti alowe, koma Celeste anaima pakhomo.

"Muno mwadzaza," anatero osamuyang'ana n'komwe. "Anzake a kumsika athandize kutunga madzi."

Idalina anavalanso nsapato zake n'kutenga ndowa.

Njira ya kumjigo inkadutsa pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala azibambo. Nkhani yawo inali iyeyo, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu.

"Ku Malawi kuja tinathawira nkhondo, zoterezi apolisi akanathana nazo kalekale," anatero Yohane.

"Kuno si ku Malawi, achimwene," anayankha Hilário, msuweni wawo wophunzitsa ku Massangulo. "Boma lathu linachotsa mlandu umenewo. Palibe angamangidwe."

"Ndiye akanapita kubomako akawalembe kuti ndi banja."

"Kumenekonso sakanawalemba. Lamulo limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi."

"Basitu! Nanga iwe ukutsutsa chiyani?"

"Ndikungoti munthuyu tamuika pakati. Wolakwa ayi, wamasiye ayi. Ndiye ndi ndani?"

"Ndi mlendo," anatero Yohane. "Ndipo mlendo akaika maliro amabwerera kwawo."

"A Hilário," anatero bambo wina wachikulire, "mafunso anuwo mukafunse ana a sukulu. Ife tabwera kudzalira." Ena anaseka pang'ono, n'kukumbukira kuti ali pamaliro. Idalina anadutsa ndi ndowa pamutu, madzi akumudonthera m'khosi.

Chakumadzulo Yohane anamuitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanali munthu wankhanza ayi, koma ankaopa pakamwa pa anthu kuposa njoka.

"Mayi Idalina, ine phokoso sindilifuna. Tikaika mawa, galimoto ija ikubwerera ku Cuamba. Mukwere. Nyumba ija ili m'dzina la mchemwali wanga, ndipo lamulo likuti yatsala kwa ife abale ake. Mukapita mwaulemu, khalanimoni, sitikhudza ngakhale supuni. Koma mukatsala mpaka tsiku lometa, kuti mudzi wonse ukuoneni pakati pa abale n'kumatiloza zala, ndibwera ndi galimoto yomweyo kudzatenga zonse. Loko n'kusintha."

"Ndamva, bambo."

Kumeta kumachitika m'mawa wotsatira tsiku loika, alendo atabalalika. Amametedwa ndi eni maliro okha, ndipo mutu wometedwawo ndi umene umauza dziko kuti uyu wafedwa, mumupepese. Idalina anachita mantha, tisaname. Nyumba ya kampani ya njanji imene anakuliramo eni ake anailanda kalekale bambo ake atamwalira. Mwana analibe. Akathamangitsidwa apita kuti ndi miyendo yotupa ngati yakeyo?

Koma Benedita sanamusiye mtendere. Ali chigonere, mawu atatsala ochepa, ankamusekabe. "Iwe ndi mutu wako wosongokawo, akadzakumeta anthu adzathawa pamsika."

"Adzandimeta ndani? Akwanu aja?"

"Ukadzangokhala pamphasapo basi. Usadzadzuke."

M'mawa mwake amayi osambitsa maliro analowa m'nyumba, Celeste n'kuwatsatira atanyamula kapulana watsopano, chitenje chofunditsa malemu. Anakhalitsamo. Atatuluka anapita molunjika kumene Idalina ankawaza nkhuni.

"Anayamba liti kugona osadzuka?"

"Mvula yoyamba itangogwa, mana," anayankha Idalina, akumutchula monga amatchulira mchemwali kumeneko.

Celeste anayang'ana kumunda. Chimanga chinali chitakololedwa kale, mapesi atauma gwa.

"Ankamutembenuza ndani?"

"Ine."

"Wekha?"

"Nanga ndani, mana?"

Celeste anatola kachikuni, n'kukaponyanso pansi, n'kubwerera m'nyumba.

Anaika masana. Ponyamula nkhata anaitana abale, a mpingo, kenako "anzake onse a kumsika" pamodzi, Idalina ali momwemo ngati munthu wongodziwana naye. Pobwera kumanda, woyendetsa galimoto anayamba kuliza hutala. Isabel, wogulitsa tomato moyandikana ndi benchi lawo, anakwera n'kumusungira malo.

"Tiyeni, mana Idalina, kukuda."

Idalina anaima atagwira kachikwama kake. Anayang'ana galimoto, anayang'ana Yohane amene anaima pakhonde manja ali m'thumba. Kenako anaika kachikwama pansi.

"Pitani. Ine ndidakali ndi maliro."

Kutacha, anayala mphasa kuseri kwa nyumba. Celeste anabwera ndi beseni la madzi, sopo ndi lumo, poti ndiye anali wamkulu mwa amayi a pabanjapo. Abale anakhala motsatana. Idalina anabwera pang'onopang'ono, anavula duku n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa. Mlamu wina anasendera kutali ngati pagwa moto.

"Mana," anatero Yohane, "muuzeni achoke."

Celeste anachita ngati sanamve. Anameta azakhali, anameta asuweni, anameta mlamu uja. Anameta Yohane yemwe, mwina molimbitsa dzanja pang'ono. Atatha anatsuka lumo, n'kuima kumbuyo kwa Idalina.

"Mana Celeste!" Yohane anadzuka. "Mukufuna kutichititsa manyazi? Mukamumeta ndiye kuti mwavomereza zonyansa zawozo. Kutchalitchi tikayankha chiyani?"

"Khala pansi, Yohane."

"Lamulo lenilenilo silikumudziwa munthuyu!"

"Lamulolo linalowa nawo m'nyumba dzulo?" anatero Celeste. "Ine ndinadwazika mwamuna wanga Bento, nonse mukudziwa. Tinalipo atatu, tinkasinthana, koma msana wake unachita zilonda mpaka tinkalira pomusambitsa. Benedita wagona kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola. Ndamuona ndi maso angawa. Msana wosalala ngati wa khanda, popanda ndi kachilonda komwe. Zikhadabo zowenga. Tsitsi loluka bwinobwino. Ukudziwa kuti munthu amadzuka kangati kuti thupi likhale chonchija? Iwe unali kuti? Ine ndinali kuti?"

Yohane anayang'ana pansi, koma sanagonje. "Wantchito wabwino angathenso kutero."

"Wantchito akanakwera galimoto dzulo."

Celeste anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana.

"Musandimve molakwa. Ine zawozo sindinazikondepo, ndipo lero sindinayambe kuzikonda. Akaweruza ndi Mulungu, si ine, si iwenso. Koma pamphasa pano amakhalapo ofedwa. Ndiye tandilozera amene wafedwa kuposa uyu."

Ananyowetsa mutu wa Idalina, n'kupaka sopo. Lumo linayenda kuchokera pachipumi kupita kunkhongo, tsitsi la imvi n'kumagwera pamapewa. Manja a Celeste sanali ofewa, ndipo sanalankhule kanthu kokoma. Koma mphepo yozizira itangokhudza khungu la pamutu, chinthu chimene chinamutsamwa Idalina kuyambira kuchipatala chinamasuka.

"Benedita wanga ine! Mayo, Benedita wanga, wandisiyira ndani ine!"

Analira mokweza, mosabisa, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Amayi ena anadzuka n'kuchoka. Azakhali okalamba aja anayamba kulira naye limodzi.

Yohane anasunga mawu ake. Sabata isanathe anafika ku Cuamba ndi galimoto yomwe ija. Anatenga bedi, mipando, mbale, wailesi, ngakhale nsalu ya patebulo imene Idalina analuka yekha. Hilário anayesa kufunsa kwa odziwa malamulo, koma anabwera mutu uli pansi: pepala lililonse linkadziwa mlongo, panalibe lodziwa Idalina. Anamusiyira zovala zake ndi dengu la nsomba. Loko watsopano analira kuti kete, Yohane n'kuika kiyi m'thumba. Ponyamuka anayang'ana mutu wa Idalina, n'kugwira wake womwe unali chimodzimodzi.

Idalina ananyamula dengu m'manja n'kulowera kumsika, chifukwa kwina kopita kunalibe. Duku analipinda n'kuliika m'chikwama.

Pamsika paja, zaka zonsezi ankawatchula kuti "achemwali awiri a nsomba," aliyense akudziwa, aliyense akunamizira kusadziwa. Atamuona akubwera mutu uli mbee, phokoso linachepa. Mayi wina wa makala anatembenuka n'kulavula. Wogulitsa mafuta anayamba kupukuta mabotolo oyera kale.

Isabel ndiye anadzuka. Anamulanda dengu lija.

"Namfedwa sanyamula katundu. Khalani apa."

Anamukhazika pampando wake, iye n'kugwada pansi, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri monga amachitira kwa mwini maliro.

"Pepani, mayi. Mwataya munthu wanu."

Anabwera wina, kenako winanso. Si onse ayi, koma anabwera. Idalina ankangoyankha kuti zikomo, zikomo, misozi ikutsikira m'kamwa. Sankadziwa kuti agona kuti mwezi wamawa. Isabel anati lero agona kwawo, za mawa aziona mawa.

Dzuwa la Cuamba linali litakwera, likuwotcha pakhungu losazolowera. Isabel anavula duku lake n'kumupatsa.

"Fundani, mupsa."

Idalina anadzisisita pamutu. Unali wosongokadi, Benedita sananame. Anamwetulira koyamba chiyambire matenda aja, n'kubweza dukulo.

"Ayi, mana. Usiyeni, awuone."