A Hector Akana Kondowole

Panali patatha masabata asanu a Hector osalawa kondowole, ndipo akazi awo, a Phyllis, anali atatopa n'kuchonderera.

Banjali limakhala ku Yofu. A Hector anagwira ntchito yoyendetsa magalimoto akuluakulu ku Joni kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Pobwerera kwawo ku Likoma anabwera ndi malata a nyumba, mimba yaikulu ndi matenda awiri: shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mwezi uliwonse ankapita kuchipatala kukapimidwa ndi kukatenga mapiritsi, ndipo ankamwa m'mawa uliwonse osadumphitsa.

Zonse zinayamba ndi kanema wa pa foni. Mnzawo wina wa ku Joni ndiye anawatumizira. Mu kanemayo, bambo wovala malaya oyera ankanena kuti nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi zipatso ndi adani a munthu wa shuga. Ankati munthu akamadya nyama, nsomba ndi mazira okhaokha, thupi limachepa ndipo shuga amathawa yekha.

"Mayi a Zodwa, mwamva zimenezi?" anatero a Hector. "Anzathu kumeneko akuvutika kuti apeze nsomba. Ife kuno nsomba zikutipeza pakhomo. Kuyambira lero kondowole musandiikire."

"Nanga muzikhuta chiyani, bambo a Zodwa?"

"Utaka, usipa, kampango, mazira. Mankhwala tinali nawo kale, sitimadziwa chabe."

A Phyllis anaganiza kuti ndi nkhani ya masiku awiri. Koma a Hector ndi munthu woti akagwira chinthu sataya. M'mawa ankadya mazira atatu okazinga. Masana ankadya utaka wouma wamchere wodzadza mbale. Madzulo nsomba inanso, yokazinga m'mafuta ambiri. Chigwada ankachikankhira kumbali, amati masamba opanda nsima satsika pakhosi. Mango anali atayamba kupsa pamtengo wa kuseri kwa nyumba, koma iwo sankawayang'ana n'komwe.

Zoona zake n'zakuti poyamba zinthu zinkaoneka kuti zikuyenda. Mimba inayamba kuphwa. A Hector anaboola mabowo awiri atsopano pa lamba wawo. Mawondo amene ankawawa pokwera mtunda anapepuka, ludzu losatha lija linachepa, ndipo sankamvanso njala pafupipafupi. Kutchalitchi anthu ankawayamikira kuti abwerera ku unyamata.

Koma a Phyllis ankaona zimene anthu akunja sankaona. M'kamwa mwa amuna awo munkatuluka fungo lachilendo ngakhale atatsuka mano. Ankakhalitsa kuchimbudzi n'kutulukako nkhope ili yokwinya. Ankadandaula mutu, ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, ndipo nthawi zina manja ankanjenjemera dzuwa likakwera. Tsiku lawo lopita kuchipatala litakwana, sanapite.

"Ndikatani kumeneko? Ndikuchira ndekha," anatero.

"Ngati mukuchira, bwanji mapiritsi mukumwabe?"

"Kuti matenda athe msanga. Ndikuwamenya mbali ziwiri."

A Phyllis mumtima zinkawapweteka. Chinangwa cha kondowoleyo analima okha, kuviika okha, kuyanika pamwala ndi kusinja okha. Tsopano ankadya kondowole wawo okha pakhonde ngati mayi wamasiye, amuna awo ali pompo.

Lamlungu lina m'mwezi wa Novembala ananyamuka wapansi kupita ku Chipyela kukapemphera. A Hector anali atamwa mapiritsi awo, n'kudya mazira awiri ndi tiyi wopanda shuga. Dzuwa linali loswa mtengo ngakhale unali m'mawa. Atayenda theka la njira, a Phyllis anaona kuti amuna awo akutsalira. Atacheuka anawaona akudzandira, malaya atanyoweratu ndi thukuta.

"Bambo a Zodwa, mwatani?"

A Hector anayankha, koma mawu sankamveka. Lilime linkalemera. Anakhala pansi pakati pa njira n'kuyamba kuvula nsapato, maso akungoyang'ana mosadziwa kumene ali.

Anthu ena opita kutchalitchi anaima. Mayi wina ananong'oneza mnzake, koma a Phyllis anamva. "Mowa m'mawa uno? Munthu wamkulu ngati ameneyu?"

"Samwa mowa!" anatero a Phyllis, misozi ili m'maso. Iwo ankaopa zina. Ankaganiza kuti ndi matenda aja opha ziwalo, amene anagoneka amalume awo zaka zinayi.

Mwamwayi, kumbuyo kwawo kunkabwera a Frances, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, nawonso ali pa ulendo wa kutchalitchi. Anaika Baibulo lawo pamwala n'kugwada pafupi ndi wodwalayo. Anawagwira pamphumi. Khungu linali lozizira ndi lonyowa.

"Amayi, bambowa ali pa mankhwala a shuga, si choncho? Amwa lero?"

"Amwa."

"Adya chiyani?"

"Mazira awiri. Nsima anasiya kalekale. Mpunga, mbatata, zipatso, zonse sadya."

A Frances sanafunsenso zambiri. Anathamangira kunyumba imene inali pafupi ndi njira. "Odi kuno! Tithandizeni kapu ya madzi ndi shuga, msanga!" Anabwerako akutakasa masipuni atatu a shuga m'kapumo.

A Hector ataona kapu ija anapukusa mutu. "Shuga ayi," anatero movutikira.

"Bambo, shuga wanu watsika kwambiri. Imwani, tikambirana bwino mukadzuka," anatero a Frances. Anayamba aonetsetsa kuti akutha kumeza, kenako anawamwetsa pang'onopang'ono. Anauzanso anthu amene anaima aja kuti munthu akakomoka osamuthira kanthu m'kamwa, koma kumugoneka chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Pasanathe mphindi khumi ndi zisanu, maso a a Hector anayera. Anayang'ana anthu, n'kuyang'ana mapazi awo.

"Nsapato zanga wandivula ndani?"

Anthu anaseka, ndipo a Phyllis anaseka nawo uku akupukuta misozi. Mayi wa panyumba paja anabweretsa chinangwa chophika. A Frances anati adye zidutswa ziwiri kuti shuga asatsikenso m'njira. A Hector anadya osatsutsa. Tsiku limenelo kutchalitchi sanafike. Anapitirira kuchipatala.

Dokotala amene anali pa ntchito anali a Nickson, bambo wodekha polankhula. Anayeza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, n'kuwakweza pa sikelo. Kenako anatsegula buku lawo la kuchipatala n'kumvetsera nkhani yonse osawadula mawu.

"Ndiyambe ndi zabwino," anatero. "Mwatsika ndi makilogalamu asanu ndi limodzi. Kwa munthu wa shuga amene anali wonenepa, chimenecho n'chinthu chachikulu. Nsomba ndi mazira ndi zakudya zomanga thupi. Zimakhalitsa m'mimba, n'chifukwa chake simumamva njala msanga. Ndipo kuchepetsa nsima kumatsitsadi shuga m'magazi."

A Hector anayang'ana akazi awo. "Mwamva, mayi a Zodwa?"

"Dikirani, sindinathe," anatero dokotala. "Mapiritsi amene mumamwawa ntchito yake ndi kutsitsa shuga. Tinakupatsani mlingo wa munthu amene akudya nsima. Inu mwachotsa nsima, koma mapiritsi mukumwa omwewo. Shuga watsika kawiri. Lero mukanakhala muli nokha m'bwato, kapena m'njira mopanda anthu, tikanakamba zina."

Dokotala anatembenuza tsamba la bukulo n'kupitiriza.

"Chachiwiri ndi impso. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafooketsa impso pang'onopang'ono, mwini wake osamva kupweteka. Mkodzo wanu ukuonetsa kuti zanu mwina zayamba kutopa, ndipo tidzayezanso kuti titsimikize. Munthu wa impso zabwino akhoza kudya nsomba zambiri osavutika. Koma impso zotopa mukazipatsa nsomba ndi mazira katatu pa tsiku, mukuzisenzetsa katundu woposa mphamvu zake. Onjezani mchere wa mu utaka wouma uja. Magazi anu lero akuthamanga kuposa ulendo womaliza umene munabwera."

"Nanga kudzimbidwa kuja?" anafunsa a Phyllis. "Amakhalitsa kuchimbudzi."

"Mayi a Zodwa!"

"Afunsa bwino," anatero a Nickson. "Masamba, zipatso ndi nyemba ndi zimene zimafewetsa m'mimba. Mukazisiya, m'mimba mumauma. Fungo la m'kamwa lija limabwera thupi likasowa chakudya chopatsa mphamvu n'kuyamba kuwotcha mafuta okhaokha."

A Hector anakanda m'mutu. "Ndiye bambo wa mu kanema uja amanama?"

"Sananame zonse. Koma iye sakukudziwani. Sanaone buku ili, sadziwa mapiritsi amene mumamwa, sanayeze mkodzo wanu. Pali anthu amene kadyedwe kotere kamawathandiza, makamaka ngati achipatala akuwayang'anira. Kwa inu, mmene mumachitiramu, n'koopsa."

A Phyllis anawongola msana. Anaona ngati mlandu wawakomera. "Ndiye ndikawaphikire kondowole monga kale, eti adokotala?"

"Kale ankadya mitanda ingati?"

"Inayi. Akatopa, isanu."

"Ayi, amayi. Kumeneko tisabwerereko. Mitanda isanu ija ndi imene inkakweza shuga."

A Phyllis anagwetsa nkhope. Zaka zonsezi iwo ankadziwa kuti mwamuna wokondedwa amaonekera pa mbale yodzadza. Sanaganizepo kuti dzanja lawo lomwe likhoza kukhala mbali ya vutolo.

Dokotala anatenga pepala n'kujambula mbale. Anaidula pakati. "Theka ili likhale la masamba. Mbali iyi nsomba, yokula ngati chikhatho chawo, kapena nyemba, kapena dzira. Mbali yotsalayi nsima, yofanana ndi chibakera chawo, osapitirira. Mukapeza mgaiwa kapena mbatata muzisinthanitsa ndi kondowole. Nsomba ikhale yaiwisi, yophika kapena yowotcha. Youma yamchere muziyamba mwaiviika m'madzi. Bango limodzi pa tsiku silolakwa, koma osati beseni. Adye katatu pa tsiku, asadumphe chakudya, ndipo poyenda ulendo azitenga kashuga m'thumba."

Anawachepetsera mlingo wa mapiritsi a shuga, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha masabata awiri.

Kunyumba sizinali zophweka. Nthawi yotentha masamba amasowa pa chilumba, ndipo theka la mbale tsiku lililonse si masewera. A Frances anabwera Lachitatu n'kuyenda nawo kuzungulira nyumba. Anawaonetsa mtengo wa chammwamba umene unali pampanda, umene a Phyllis ankangouona ngati mthunzi wa nkhuku. Panali chigwada cha m'munda, ndi mfutso wa nkhwani umene unatsala m'thumba. Nyemba ankagula kwa amalonda obwera pa bwato kuchokera tsidya la ku Mozambiki. Mvula itagwa, a Phyllis anafesa bonongwe ndi mpiru kuseri kwa khitchini, ndipo a Hector ndi amene anamanga mpanda woletsa mbuzi.

Masiku oyamba dzanja la a Phyllis linkafuna kuwonjezera mtanda wachiwiri. A Hector ankakunga chibakera n'kuchiika pafupi ndi mbale.

"Yezani, mayi a Zodwa."

"Chibakera chanucho n'chachikulu kale," ankayankha choncho, n'kubweza mtandawo.

Patatha miyezi itatu anapitanso limodzi kuchipatala pa tsiku la odwala shuga. Shuga anali pa mlingo wabwino. Kuthamanga kwa magazi kunali kutatsika. Impso sizinaipireipire, ndipo thupi silinabwerere kunenepa kuja. Kunjenjemera ndi kudzimbidwa zinali zitatha.

A Nickson anawapempha kuti anene mawu pang'ono kwa anzawo amene ankadikira pa benchi. A Phyllis anakhala kumapeto, akudabwa kuona amuna awo, munthu wosavomera kulakwa, ataima pamaso pa anthu chipewa chili m'manja.

"Abale anga," anatero a Hector, "ine ndinasintha kadyedwe osafunsa aliyense, ndipo ndinatsala pang'ono kufera m'njira. Kuchepetsa nsima kunandithandiza. Kuisiyiratu ndili pa mankhwala kunatsala pang'ono kundipha. Musanasinthe mbale yanu, bwerani nalo buku lanu kuno, mufunse."

Mayi wina pa benchipo anakweza dzanja. Anati mwana wake wamkazi, amene ndi woyembekezera, anayambanso kudya nsomba zokhazokha poopa kunenepa.

"Mubwere naye mawa," anatero dokotala. Mayiyo anavomera, ndipo a Phyllis anamulonjeza kuti amuperekeza.

Zakudya zomanga thupi monga nsomba, mazira, nyama ndi nyemba n'zofunika, ndipo kuchepetsa nsima ndi zotsekemera kungathandize munthu wonenepa kwambiri kapena wa shuga. Koma thupi limafuna magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya, chilichonse pa mlingo wake. Ngati muli pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ngati muli ndi vuto la impso, kapena ndinu woyembekezera, musasiye gulu lililonse la chakudya musanalankhule ndi achipatala.