Dzina Lozondoka

Kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Port Herald palibe munthu wotumiza lamya mwachangu ngati ine Damiano, ndipo sindinakhalepo pa benchi ya mishoni ngakhale tsiku limodzi. Ndaponda Tabora, ndamwa tiyi ku Dar es Salaam, pomwe aphunzitsi a kwathu ku Makhuwira akudziwa malo amenewa pa mapu pokha.

Nkhondo ya Jeremani itavuta, mu 1916, ndinamva kuti ku Keyala, gulu lankhondo la Angerezi, amaphunzitsa asilikali kulemba ndi kutumiza mawu pa mbendera ndi pa waya, ndipo wodziwa zimenezo sasowa ntchito. Ndinasiya khasu m'munda wa thonje, ulendo wa ku Zomba wapansi.

Nditafika, sajeni anatiuza ife obwera kumene zoona zake: sukulu ya lamya ikufuna anthu asanu okha, odziwa kale kulemba dzina. Otsalawo, amphamvu mfuti, ofooka mtengatenga. Ineyo ndine wamfupi. Ndinadziwa kuti ndikalephera, bokosi la zipolopolo likundidikira pamutu mpaka ku Tanganyika.

Pa mzere panali Antonio wa ku Chiromo, mwana wa mishoni, wovala malaya oyera ngati akupita kukabatizidwa kachiwiri. Ndinamupempha pensulo.

“Upange nayo chiyani, xamwali? Ubayire ng'ona?” anatero, anzake n'kuseka. “Chabwino, koma fodya masamba awiri.”

Chimene sankadziwa n'chakuti zaka zitatu ndinkagulitsa thonje, ndipo nthawi zonse ndinkayang'anitsitsa dzanja la kalaliki akamalemba dzina langa. Ndikabwerera kumudzi ndinkalilemba pa mchenga wa Shire mpaka linalowa m'chala.

Mzungu wina, ofesala, anakhala patebulo, ife tikubwera mmodzimmodzi kutsogolo kwake. Ana a mishoni ankalemba mokhotetsa khosi, lilime panja, kenako n'kutembenuza pepala mwaulemu. Nthawi yanga itakwana ndinangoti kwakwakwa, ndamaliza.

Antonio anasuzumira paphewa panga n'kuphulika ndi kuseka.

“Amayi ine! Walemba chozondoka! Miyendo m'mwamba, kuyambira kumanja!”

Apo m'pamene ndinazindikira. Zaka zonsezo ndinkaima kutsidya kwa tebulo la kalaliki, ndipo zilembo ndinaziloweza momwe zinkandionekera.

Mzungu sanagwire pepalalo n'komwe. Kwa iye linali lolunjika kale.

“Da-mi-a-no,” anawerenga. “Iwe walemba kuti ine ndiwerenge, osatembenuza?”

“Inde bwana,” ndinayankha msangamsanga. “Kwathu sitivutitsa akuluakulu.”

“Lemba dzina la uyu.”

Ndinaona kuti zilembo zambiri za Antonio zikumveka ngati za m'dzina langa, koma kuzilumikiza sindinkadziwa.

“Bwana, dzina la munthu wosekera pamaso pa ofesala ndilembe ine?”

Sajeni anamutembenukira Antonio, amene mano anali adakali panja, n'kumukalipira mpaka malovu. Mzungu anaseka, analemba kanthu, nandilozera kumanja, kwa anthu a lamya. Ndinali wachisanu. Antonio, ndi Chingerezi chake chonse, anali wachisanu ndi chimodzi.

Zilembo zinazo ndinaziphunzira m'miyezi iwiri, zoimirira bwinobwino, ndipo nkhondo itatha a njanji anachita kundipempha.

Tsiku limene gulu la Antonio la mtengatenga linkanyamuka, ndinamupeza akupinda malaya oyera aja kuti akhale nkhata ya pamutu. Ndinamubwezera pensulo yake, ndi fodya masamba awiri.